Mlamba wa Ackson

Munthu akadwala amasanduka mfumu, ndipo amene amaona zakuda ndi womudwazika. Ackson anakana phala. Anakana mpunga, anakana mazira, anakana ngakhale msuzi wa mapazi a nkhuku umene Anna wa mkhukhu woyandikana nawo, kanyumba ka malata ngati kawo, anaphika ndi mtima wake wonse. Chilichonse chimene mnzake Sulaimani ankabwera nacho, iye ankangochiyang'ana ndi diso limodzi n'kutembenukira kumalata. Tsono mankhwala a chifuwa chachikulu safuna m'mimba mopanda kanthu. Akamwa mapiritsi aja ankabwerera momwe analowera, ndipo munthuyo ankangonka natha ngati sopo.

Nesi wa kukiliniki sanabise mawu: akapanda kudya, palibe chimene mankhwala angachite. Dalaivala wa basi yopita kumudzi, yemwe ankadziwana nawo, anabwera kudzamuona, nayenso sanazungulire.

"Madala, munthu woti sangakwere yekha masitepe ine sindimutenga. Akandifera m'njira, pa Beitbridge ndikayankha chiyani?"

Tonse a ku Joni kuno tikudziwa kuti kumudzi kumapitidwa m'njira ziwiri, pampando kapena m'bokosi m'kangolo kokoka kumbuyo. Ackson ankafuna pampando. Basi inali ya kumapeto kwa mwezi, ndipo mmene analili sakanatha kufika ngakhale pamsewu.

Awiriwa anakumana pansi pa mgodi, akukankha fosholo kwa kontirakitala wina amene anawasiya padzuwa ntchito itatha. Ackson anali Mlomwe wa ku Kachulu, m'mbali mwa Chilwa. Sulaimani anali Myao wa kufupi ndi Malombe, Msilamu wosaphonya swala. Kuyambira pamenepo anakhala mkhukhu umodzi ku Marikana, akusaka maganyu a zomanga ndi a m'mafamu, mpaka imvi zinawapeza onse awiri ali machona. Mkazi panalibe, mbale panalibe. Wodwazika anali Sulaimani basi, ndipo anali atatopa, kutopa kwenikweni kofika m'mafupa.

Tsiku lina Ackson atabweza mbale ya phala yosakhudzidwa, Sulaimani mtima unamupsa.

"Nanga mukufuna chiyani, achimwene? Nenani. Ine ndatopa nanu."

Ackson anayankha ali chiyang'anire kumalata.

"Mlamba."

Pa zinthu zonse za pansi pano, mlamba! Kwawo kwa Sulaimani nsomba yopanda mamba sadya. Mashehe ena amati palibe choletsa, ena amati ayi, koma mayi ake sankadikira shehe. Mlamba sunkalowa m'nyumba, mpeni woutumbulira unali wakewake, ndipo bambo ake akaupha ankaugulitsira kugombe konko, n'kusamba m'manja ndi mchenga asanabwere kunyumba. Sulaimani anakula akupha milamba yosawerengeka, koma pakamwa pake sipanafikepo ngakhale msuzi wake. Ackson ankadziwa zimenezi. Zaka zonsezi sanalowetsepo m'nyumbamo mlamba kapena nkhumba, ndipo sanadandaulepo.

"Ndikudziwa kuti ndapempha chovuta, Che Sule."

"Kuupha si kovuta. Wodya ndinu."

Sulaimani anayamba wafunsa kwa amayi obweretsa nsomba zouma kuchokera kumudzi, koma onse anali ndi usipa ndi utaka wokhawokha. Mbedza ya ndodo sikanathandiza, nanga ndani akanakhala kumtsinje tsiku lonse wodwala ali yekha? Anaganiza zomanga khuleya, chingwe chachitali cha mbedza zambiri chimene umatchera madzulo n'kukaonjola m'mawa.

Chingwe anali nacho, cha nayiloni chachikasu chimene ankayanikapo zovala. Mbedza anakagula pashopu ya Mchaina. Anakhala pakhomo n'kuyamba kudula tizingwe totalika mkono umodzi, kalikonse mbedza yake kumapeto, n'kumatimangirira pachingwe chachikulu motalikirana manja otambasula, kuti nsomba ziwiri zikagwidwa zisapiringizane. Mfundo imene kale ankamanga osayang'ana, ali m'bwato logwedezeka, tsopano inkamuzunza. Zala zinali zitauma ndi simenti, maso nawo ankafuna kuti mbedza ikhale kutali kuti aone kabowo. Anadzibaya kangapo n'kumangoyamwa chala. Atamaliza anacheka timipata m'mphepete mwa chidebe, n'kukoleka mbedza iliyonse pampata wake, chingwe atachikulunga bwinobwino mkati.

Nyambo anakapempha kwa Anna, amene ankagulitsa mitu ndi mapazi a nkhuku pamsewu. Anamupatsa matumbo, iye n'kuwaika m'chitini padzuwa kuti anunkhe, poti mlamba ndi nsomba yopanda ulemu, imakonda chonunkha.

"Che Sulaimani, inu ndi mlamba?" anatero Anna. "Ndiye kuti dziko latha."

"Linatha kale, mayi. Mundionereko wodwalayo."

Atapemphera swala ya masana ananyamuka, chidebe kumanja, thumba la mabotolo apulasitiki kumsana. Njira yopita kumtsinje imadutsa kuseri kwa phiri la zotaya za mgodi, pansi pa mawaya a magetsi olira ngati njuchi, kenako n'kutsata mpanda wa famu. Fumbi la kumeneko limalowa mpaka m'mano. Unali mwezi wa Seputembala, mvula isanaganize n'komwe zobwera, udzu wonse uli mbuu. Koma atafika anapeza mtsinje uli wodzaza, madzi akuyenda mpaka m'bango.

Apa ndiye pamene munthu akanaima n'kudzifunsa kuti madzi onsewa, chilimwe chino, achokera kuti. Sulaimani sanadzifunse. Anachita zimene anaphunzira kwawo. Anayang'ana kumwamba, kunali kopanda ndi kamtambo komwe. Anayang'ana kumapiri, kunalibe mdima wa mvula. Shire amene anamulera saphwa mwadzidzidzi, amatsika pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi, ndipo msodzi akaona kumwamba amadziwa za mawa. Choncho anati mumtima, mmene alili madziwa lero ndi mmene ndiwapezere mawa.

Tsidya lina panali kanyumba ka pampu, ndipo munthu wa ovolosi yabuluu ankazungulirazungulira pamenepo. Sulaimani atamuona anadzigwetsa m'bango. Pasipoti yake inatha kalekale, chilolezo chowedzera analibe, ndipo munthu wopanda mapepala amaopa ngakhale moni. Anakhala chinjutamire pamenepo, udzudzu ukumudya, mpaka wa ovolosi uja analowa m'kanyumba kake.

Anasankha malo abwino, kunena zoona. Panali pokhota, pamene madzi ankalowa m'bango n'kumayenda mwaulesi, akuya kulekeza m'chiuno. Mlamba kukada umachoka kozama n'kubwera malo otere kudzasaka chakudya. Anamanga nsonga imodzi patsinde la msondodzi, anavula n'kutsala ndi kabudula, n'kulowa. Madzi anali ozizira ngati a mufiriji, onunkha ndowe ndi feteleza. Chidebe anachipachika m'khosi. Ankachotsa mbedza imodzi, kuibaya kathumbo, kuiponya pambali, n'kusuntha chafutambuyo, phazi likufufuza pansi. Akadutsa mbedza zingapo ankamangirira mwala kuti chingwe chigone pansi, kutsogolo pang'ono botolo kuti nyambo isakwiririke m'matope. Chitini chija chikatseguka ankachita kupotoza nkhope. Msana unkawawa, mawondo ankalira, ndipo pakati pa ntchitoyo anaima n'kudzifunsa kuti kodi iye, mwana wa Malombe, anachimwa chiyani kuti akalambire mumtsinje wa eni, akunyengerera nsomba imene sadya. Kenako anapitiriza ntchito.

Kumapeto anakhoma chikhomo ndi mwala, anakoka chingwe kuti chilimbe koma osati kwambiri, n'kumangirira mwala waukulu wotsiriza. Anatuluka akunjenjemera. Mabotolo anali ndandanda pamadzi, ndipo kwa kanthawi anamva kukoma mumtima ngati munthu wodziwa ntchito yake.

Kunyumba anapeza Ackson ali maso.

"Mwatchera?"

"Ndatchera."

"Nyambo yanji?"

"Matumbo a nkhuku."

"Kwathu timatchera sopo."

"Kwanu n'kwanu, achimwene. Gonani."

Ackson anaseka pang'ono, chifuwa n'kumudula. Masabata onsewo anali asanayankhulepo mawu ambiri chonchi, ndipo Sulaimani anagona ndi chiyembekezo.

M'mawa, dzuwa litangotuluka, anali atafika kale pamsondodzi paja. Anaima. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kumunsi, mwina wasokera malo. Mtengo unali womwewo, mfundo yake inali yomweyo. Koma mtsinje unali utachoka. Kunatsala kamadzi kakang'ono pakati, koti mwana angalumphe, ndipo pokhota ponse paja panali matope okhaokha onyezimira. Khuleya anali gone pamatopepo, mabotolo ali mbwee ngati zinyalala.

Ndipo nsomba zinagwidwa, abale, ndicho chowawa chake. Zinadya nyambo madzi asanathawe. Pa mbedza zingapo panali mitu yokhayokha, ndevu zili tayale, minga ili yoyera. Pamatope panali mapazi a ng'azi ndi mkukuluzi wa mchira wake, ndipo akakowa anali ataima chapatali, okhuta, osamuopa n'komwe.

"Madala!"

Anali wa ovolosi uja, ataima pa mapaipi tsidya lina. Lero Sulaimani analibe mphamvu zobisala. Munthuyo anayankhula Chitswana chosakaniza ndi Fanakalo, chiyankhulo cha kumigodi, mokoma mtima ndithu.

"Mtsinje uno si wa mvula, madala, ndi wa kiyi. Kumtunda kuli damu. Alimi akafuna kuthirira amatsegula, akamaliza amatseka. Dzulo ndinakuonani, ndimati ndikuuzeni kuti mutchere kozama, koma munalowa m'bango osatulukanso."

"Atsegulanso liti?"

Munthu uja anangotambasula manja, n'kubwerera ku pampu yake.

Safunsa anadya phula. Sulaimani anamva manyazi, anamva mkwiyo, koma choposa zonse anamva kutopa. Zaka zonsezi ali kuno, anali asanadziwe kuti dziko lino ngakhale mtsinje uli ndi bwana wake. Anafuna kungokhala pansi. Anaganiza za Ackson akumva phazi lake pakhomo n'kudzutsa mutu, iye n'kumuonetsa chidebe cha mitu. Koma mbedza sizikanasiyidwa, ndiye anapinda buluku n'kulowa m'matope.

Matope anamumeza mpaka m'mawondo. Phazi lililonse ankachita kulizula ndi manja. Ankakolola mitu ija n'kuitaya, kukoleka mbedza pachidebe, n'kusuntha. Atafika kumapeto, pafupi ndi mwala waukulu uja, anapeza kachingwe kamodzi katalowa pansi m'kadzenje ka matope amadzimadzi. Anakakoka. Kanakokanso.

Mlamba ndi nsomba yamakani, madzi akauthawa umadzikwirira n'kumapuma momwemo. Sulaimani anagwada n'kuyamba kufukula ndi manja. Chinthu choterera chinamupulumuka, chinamupulumukanso, ndipo atachigwira bwino kumutu munga wa m'mbali unamulasa pachikhatho mpaka anatukwana mawu amene sayenera munthu wopemphera. Sunali waukulu, kutalika kwake kuyambira pachigongono kufika kuzala. Anaumenya ndi mwala pamutu. Anatuluka m'matopemo ngati chinyau, dzanja likuchucha magazi, n'kuyamba ulendo wobwerera.

Poto ndi mpeni anabwereka kwa Anna, poti za m'nyumba mwawo sizikanakhudza chinthu chimenechi. Anaupaka phulusa kuchotsa kuterera, anautumbula, anauwamba pang'ono pambaula kuti ugwire utsi monga amachitira kwawo kwa Ackson, kenako anauphika ndi tomato ndi anyezi. Mchere analawa ndi Anna. Fungo linadzaza pabwalo lonse, ndipo Sulaimani ankapumira kumbali. Anaphikanso papa, ndiyo nsima ya kuno, wofewa, woti wodwala ameze mosavuta.

Analowa nazo mbale ziwirizo, anaziika pakireti pafupi ndi bedi, anamudzutsa Ackson n'kumutsamiritsa kumalata, anamusambitsa m'manja.

"Mlamba wanu uwu."

Atatero anabwerera n'kukaima pakhomo. Ackson anaweramira mbale ija n'kununkhiza nthawi yaitali, maso atatseka. Anatambasula dzanja, linaima m'malere, kenako analibweza n'kuliika pabulangete.

"Achimwene," anatero Sulaimani, "musandiphe ndi mtima. Taonani dzanjali. Taonani miyendoyi. Chalakwika n'chiyani?"

"Palibe. Fungo lake ndi lomwelo."

"Nanga?"

Ackson anamuyang'ana, maso atalowa mkati.

"Che Sule, chitchulireni nesi uja dzina la matendawa, mwadyapo nane? Mumandiikira mbale ngati mphaka, inu n'kukadyera panja. Ine chibadwire sindinadyepo ndekha. Ndikaona mbale ili ndi ine ndekha, pakhosi pamatseka."

Zinali zoona. Kale ankadyera mbale imodzi, atakhala pansi moyang'anizana, akukangana za mpira. Nesi ananena, Sulaimani ali pomwepo, kuti matendawa sayendera m'mbale, ndiponso kuti munthu akayamba mankhwala ngozi imachepa. Koma mantha samva za nesi. Iye anangoyamba kudyera panja osanena kanthu, n'kumaganiza kuti wodwala sakuona.

"Bwanji simunanene tsiku la mpunga? Tsiku la mazira? Mwadikira lero?"

"Manyazi. Munthu wondichapira zovala, wonditayira chitini cha mikodzo, ndimuuzenso kuti adye nane? Ndimayesa mlamba utsegula pakhosi pawokha. Wakanika." Anapuma kaye. "Nsombayo musakhudze, ndikudziwa. Ingokhalani apa, muzitema papa yekha."

Sulaimani anatenga beseni, anasamba m'manja, bala lija likuluma, n'kukhala pakireti ina moyang'anizana naye. Anatema mbamu, anaiumba, n'kuimeza yopanda kanthu. Ackson naye anatema kambamu kakang'ono. Sulaimani anadikira kuti asunse mumsuzi. Sanasunse. Anakaika m'kamwa kouma choncho, anatafuna, anatafuna, kanamukakamira pakhosi, n'kuyamba kutsokomola mpaka misozi.

"Sunsani, achimwene. Ndiwo ndi zanu."

"Ndisunsa."

Anatemanso kena, dzanja linapita chakumbale ya nsomba, linafika m'mphepete n'kubwerera. Ulemu wina ndi wopusa ndithu. Munthu amene kwa zaka zonsezi sanadyepo pamaso pa mnzake chinthu chimene mnzakeyo sadya, lero dzanja linkamukanira lokha, ngakhale imfa ili pakhomo. Sulaimani anaona zimenezi ndipo anamvetsa kuti kukalipa sikuthandiza.

Anayang'ana mbale ija. Khungu lakuda linali litasupuka, mafuta achikasu akuyandama pamwamba. Anakumbukira mayi ake, ndipo mtima unamuwawa. Kenako anati Bisimila chapansipansi, anatema mbamu, anaisunsa, anabenthula kanyama koyera n'kuika m'kamwa.

Kunali kofewa, konona, kwa fungo la utsi ndi matope. Nthawi yomweyo anafuna kuthamangira kuseri kukasanza, koma malata a mkhukhu sabisa mawu, Ackson akanamva zonse. Anagwira bondo lake mwamphamvu, anatseka maso, n'kumeza.

Atatsegula maso anaona zala za Ackson zili mumsuzi. Anasunsa, anabenthula, anatafuna pang'onopang'ono, ndipo chinadutsa. Sulaimani anaika manja pamawondo kuti apume, poganiza kuti njira yatseguka, mnzakeyo apitiriza yekha. Ackson naye anaika dzanja pabulangete n'kumamudikira.

Sulaimani anatemanso. Ackson anatemanso. Iye akasunsa, mnzake ankasunsa, iye akaleka, mnzake ankaleka. Thukuta linali likutsika m'khosi mwa Sulaimani, malovu owawa akudzaza m'kamwa. Anayang'ana m'mbale kuti aone kuti yatsala yochuluka bwanji. Inali isanafike ndi theka lomwe, ndipo mwezi unali udakali kutali kuti uthe.

Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja, anasendeza mbale ija pafupi ndi Ackson, n'kutemanso mbamu ina.